Zimitsani injini pa Boadzulu, mbalame zili pa mazira

Kavidiyo kakuzungulira pa WhatsApp kaja kandinyansa. Boti lafika pa chilumba cha Boadzulu, woyendetsa akuliza injini dala, anyamata akumenya m'mbali mwa boti kuti mbalame zotchedwa mphipi ziuluke alendo ajambule. Ati zokongola. Zokongola chani?

Mbalame yomwe mwaiwulutsayo inali pa mazira. Mphipi imafungatira mazira atakhala pamwamba pa mapazi ake, ndiye ikadzidzimuka imawakankha, ena n'kugwera pansi. Otsalawo atsala pamtetete, ndipo khwangwala ndi ng'azi sizichedwa. Ntchito ya pafupifupi mwezi wathunthu yatha m'mphindi ziwiri chifukwa cha chithunzi. Anapiye nawo amaswa opanda nthenga, dzuwa la ku Mangochi kuno mukulidziwa, mayi akachoka amapsa. Okulirapo akaopsedwa amasanza nsomba zonse zomwe adyetsedwa tsikulo. Mwaapha ndi phokoso basi, osagwira ngakhale mwala.

Inde mafuta adula, kandalama ka mlendo n'kofunika. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zisa zikatha mlendoyo mudzamuonetsa chani, miyala yoyera ndi zitosi?

Zimitsani injini mukadali patali, boti liziyenda ndi nkhafi kapena mphepo. Musalunjike pa zisa, dutsani cham'mbali. Mukaona mbalame zatukula makosi zonse n'kuyang'ana kwa inu, mwafika pafupi kwambiri, bwererani. Osawomba m'manja, osaimba mluzu, osatsika pachilumba. Mlendo akufuna pafupi? Kamera yake ili ndi zoom, akokere yekha.

Ndipo musaiwale kuti Boadzulu si chilumba cha aliyense. Chili mu Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Madzi a mamita 100 kuchokera pagombe ndi a paki, kuwedza n'koletsedwa.

Nanga maukonde tikuwaona ataponyedwa m'mphepete mwa miyala momwemo ndi a ndani? Ena mpaka neti ya udzudzu, yolandira ulere kuti ana asadwale malungo, ikukokolola kasawala yemwe akanakula n'kukhala chambo. Mawa muzidzati chambo chadula, ufiti. Ufiti wake uti, neti ili pa chingwe kuseri kwa nyumba yanu ikununkha nsomba?