Mbiri ya reggaeton yopanda Panama ndi bodza

Ndapsa mtima abale anga, ndipo sindigona ndisanalembe izi. Usiku uno ndimaonera documentary ina pa intaneti yoti ikufotokoza mbiri ya reggaeton, nyimbo zovina za m'Chisipanishi zomwe zinatchukira ku chilumba cha Puerto Rico. Yayamba ndi magalimoto onyezimira, masitediyamu odzaza, Daddy Yankee ndi Gasolina yake ya 2004, kenako Despacito, kenako Bad Bunny. Panama angoitchula mongodutsa. Jamaica chimodzimodzi. Basi, mbiri yatha, tiombe m'manja? Ayi, ine ndakana.

Nyimbo zimenezi zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi anthu akuda, osauka, zidzukulu za anthu aganyu. Pamene dziko la America linkakumba ngalande ya Panama, yodutsamo sitima zapamadzi, kuyambira 1904 mpaka 1914, anthu masauzande ambiri anachoka ku Barbados, ku Jamaica ndi zilumba zina kukakhetsa thukuta kumeneko. Ena anali atafika kale, nthawi yomanga njanji m'ma 1850 komanso nthawi yomwe Afalansa anayesa kukumba n'kulephera m'ma 1880. Ambiri anafera komweko ndi malungo, matenda a yellow fever ndi ngozi za pantchito. Azungu ankalembedwa pa gold roll, akuda pa silver roll: malipiro osiyana, nyumba zosiyana, kodyera kosiyana. Otsala anakhazikika ku Colón ndi ku Río Abajo mumzinda wa Panama City. Ife amene agogo athu ankapita ku Joni pa Wenela, nkhani ngati imeneyi siyofuna kutimasulira, timaimva m'mafupa. Ndiye munthu aijambule mbiri ya nyimbo za anthu amenewa, iwowo n'kuwasiya kunja kwa chitseko?

Zidzukulu zawo ndi zomwe m'ma 1980 zinkalandira nyimbo za dancehall kuchokera ku Kingston, likulu la Jamaica, n'kumaimba pamwamba pake m'Chisipanishi. Renato. Nando Boom. Chicho Man. El General. Maina amenewa ndimayembekezera kuwamva, ndikuyembekezera, mpaka filimu kutha. Anyamatawa analibe kampani ya nyimbo, analibe wailesi yowakondera. Ankajambula makaseti n'kumapereka kwa madalaivala a mabasi opakidwa mitundu aja otchedwa diablos rojos, ndipo nyimbo zinkafala choncho, kuchokera m'basi kulowa m'makwalala. Chithunzi chokoma chotere wojambula filimu angachisiye bwanji? El General anapita ku New York, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anavinitsa Latin America yense. Mu 2004, chaka chomwecho cha Gasolina, iye anasiya kuimba, pambuyo pake n'kudzipereka ku chipembedzo cha Mboni za Yehova. Wolambula njira akutuluka, okolola akulowa. Imeneyo yokha ndi filimu yathunthu, koma iwo sanaione.

Nanga ng'oma ija? Kagundidwe kamene mumakamva m'nyimbo iliyonse ya reggaeton, kamene kamachititsa chiuno kuyamba chokha, sikanagwe kumwamba. Mu 1989 Steely ndi Clevie a ku Jamaica anakonza riddim (ng'oma zoimbirapo nyimbo) yotchedwa Fish Market. Mu 1990 Shabba Ranks, yemweyo amene okonda dancehall tonse tikumudziwa, anatulutsa nyimbo ya Dem Bow, yomangidwa pa riddim yomweyo, mothandizidwa ndi Bobby Digital. Nando Boom anaiimbanso m'Chisipanishi ku New York, ndipo ng'oma za m'matembenuzidwe amenewo ndi zomwe ma DJ a ku Puerto Rico anazidula, kuzilumikiza ndi kuzibwereza mpaka zinasanduka msana wa nyimbo zonsezi. Steely anamwalira mu 2009. Mu 2021 Clevie pamodzi ndi oyang'anira chuma cha malemu Steely anakasuma kukhoti ku California, kunena kuti oimba ambirimbiri akhala akudyera ng'oma yawo osalipira. Kaya mugwirizana nawo kaya ayi, filimu ya mbiri ingakhale chete pa nkhani yaikulu chonchi?

Musandimve molakwa, a ku Puerto Rico anagwira ntchito, ndipo anaigwira movutika. Koma ngakhale mavuto awowo filimuyi yawapukuta kuti pasaoneke fumbi. Nyimbozi zinkatchedwa underground. Zinakulira m'nyumba za boma za anthu osauka zotchedwa caseríos, m'makaseti a DJ Playero, mu kalabu ya The Noise ya DJ Negro komwe Ivy Queen anatulukira ali mtsikana pakati pa chigulu cha amuna. Daddy Yankee mwiniwakeyo anayambira pa makaseti a Playero. Mu 1995 apolisi analowa m'masitolo a nyimbo ku San Juan, likulu la Puerto Rico, n'kulanda makaseti ndi ma CD, ati n'zolaula. Mu 2002 senator Velda González anatsogolera nkhondo yolimbana ndi mavidiyo a gule wa perreo. Chaka chomwecho Tego Calderón anatulutsa El Abayarde, ali ndi tsitsi lake la afro, akunyadira poyera kuti ndi wakuda ndipo akudzudzula tsankho la pachilumbapo. Zonsezi kuzidumpha n'kuthamangira ku ma award!

Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Reggaeton lero ili pamsana pa njovu. Bad Bunny anali woimba womvedwa kwambiri pa Spotify mu 2020, 2021 ndi 2022, ndipo ndikumufunira zabwino. Koma mame aja alipo amene anawaponda, ndipo anawaponda opanda nsapato. Kuwafufuta ndi kuba. Kuwatchula kwa kamphindi kenako n'kuonetsa ma jet kwa ola lonse ndi kubanso. Ndibwereze: mbiri yoyambira pa chipatso, mizu osaiona, ndi bodza, ngakhale itajambulidwa ndi kamera yodula bwanji.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu, nkhope zoyererako zimagulitsa msanga. Zimenezo sizindikhudza. Chondiwawa n'choti mwana wa zaka 15 aonera filimu yotere n'kukhulupirira kuti ndi mmene zinayendera, ndipo mawa akauza mnzake. Ndipo pasapezeke wina wonena kuti n'zovuta kufufuza. Mu 2021 Ivy Queen anatsogolera podcast yotchedwa Loud, ndipo anayambira ku Panama, Renato akudzifotokozera yekha. Ngati zinatheka ndi mawu okha, zingakanike bwanji kwa anthu okhala ndi makamera ndi ndalama za ndege?

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi izi. Chaka chomwecho cha 2021, J Balvin wa ku Colombia anatulutsa vidiyo momwe akukoka akazi awiri akuda pa zingwe za agalu. Anthu atakwiya, vidiyoyo inachotsedwa ndipo iye anapepesa. Patangopita miyezi yochepa, a African Entertainment Awards USA anamupatsa mphoto ya woimba wa Afro-Latino (wakuda wa ku Latin America) wopambana, mpaka mwiniwakeyo kuchita kunena kuti iye si Afro-Latino. Pomwe Sech, mnyamata wakuda wa ku Río Abajo kwenikweniko, anali akuvinitsa dziko nthawi yomweyo. Sanamuone?