Mumatikumbukira pa tsamba lomaliza lokha

Dzulo madzulo ndinalandira imelo yochokera kusukulu ya uinjiniya ya payunivesite imene ndinaphunzirako, ndipo mpaka pano mtima wanga sunatsike. Munali lipoti la zimene sukuluyo yakwanitsa m'chaka chathachi, lokongola ndithu, lodzaza ndi zithunzi za akuluakulu akugwirana chanza, akudula maliboni ndiponso akulandira zikho. Ndinaliwerenga lonse ndikufufuza pamene atitchula ife amene tinatuluka pakhomo limenelo ndi madigiri m'manja. Ndinadzatipeza pa tsamba lomaliza, m'munsi mwenimweni, pamene panali nambala ya akaunti ya kubanki ndi mawu okoma akuti ndife banja limodzi. Ndipo pamwamba pa kalatayo dzina langa analilemba molakwika.

Papita zaka 12 chimalizireni maphunziro anga, ndipo pa zaka zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe wa kusukuluko amene anandifunsapo ngati ndinapeza ntchito, kapena ngati zimene anandiphunzitsa zikundithandiza ndikaima pamalo pamene akuthira konkire. Lero denga la labotale likudontha, basi ndasanduka mbale wawo. Ubale wanji umenewu, womadzuka pokhapokha thumba likabooka? Sindikukana kuti mayunivesite ambiri ndalama zikuwavuta ndiponso kuti ogwira ntchito mu ofesi yoona za ophunzira akale amakhala ochepa, koma kulemba dzina la munthu molondola sikulira bajeti.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti chipatso chenicheni cha sukulu ya uinjiniya ndi ife. Si chikho chimene chili m'kabati ya mkulu wa sukulu, si mapepala a mgwirizano amene amasainidwa pamaso pa makamera kenako n'kukagona m'madirowa. Ngati sukulu ikufuna kudziwa zimene yakwanitsa, ifunse kuti milatho imene ophunzira ake anajambula ikadali chilili, mapampu amene anaika akupopabe madzi, ndi mawaya amene anayala sanawotche nyumba ya munthu. Mayankho a mafunso amenewa ali ndi ife, koma m'lipoti monsemo mulibe ngakhale mzere umodzi wonena kuti amene anamaliza zaka zisanu zapitazo ali kuti ndipo akuchita chiyani. Akudzitama ndi mtengo umene zipatso zake sanapiteko n'kukaziona.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Amene amasirira mphatso zikuluzikulu zimene sukulu zina zimalandira kwa ophunzira awo akale ayambe afunsa kuti sukuluzo zinaika chiyani poyamba. Ku yunivesite ya Stanford ku America, mphunzitsi wa uinjiniya Frederick Terman sanawataye William Hewlett ndi David Packard atamaliza digiri yawo yoyamba mu 1934. Packard atapita kukagwira ntchito ku kampani ya General Electric, Terman anamupezera njira yobwerera kusukuluko, ndipo anawalimbikitsa awiriwo kuti ayambe kampani yawoyawo, imene inayambira m'galaja ku Palo Alto mu 1939 ndi madola 538 okha. Pa nthawiyo analibe chilichonse choti n'kupereka kusukulu. Patapita zaka zambiri, anthu awiri omwewo ndi amene anathandiza ndi ndalama zawo kumanga nyumba ya uinjiniya imene inatchedwa dzina la Terman. Ku India, wabizinesi Nandan Nilekani anapereka ma rupee 3.15 biliyoni ku sukulu ya uinjiniya ya IIT Bombay mu 2023, patatha zaka 50 chilowereni pasukulupo. Munthu sapereka chuma chotere kwa anthu amene amamulakwitsa dzina.

Ndipotu si ndalama zokha zimene tili nazo, mwinanso ndalamazo ndiye zochepa pa zonse. Tili ndi zimene taziona ndi maso kuntchito. Tikudziwa mapulogalamu a pakompyuta amene makampani akugwiritsa ntchito lero, tikudziwa pamene mainjiniya ongomaliza kumene amapunthwa sabata yawo yoyamba, tikudziwa maphunziro amene anatithandiza ndi amene tinangowaloweza kuti tikhoze mayeso. Mabungwe ovomereza madigiri a uinjiniya, monga amene ali mu mgwirizano wa Washington Accord umene unayamba mu 1989, amayang'ana zimene womaliza maphunziro akutha kuchita, osati kuchuluka kwa maola amene anakhala m'kalasi. Nanga sukulu ingadziwe bwanji zimene omaliza maphunziro ake akutha kuchita ngati siiwafunsa? Ine ndikanaitanidwa kuti ndikalankhule ndi ophunzira a chaka chomaliza kwa ola limodzi, ndikanapita ndi mtima wonse, ulendo n'kudzilipirira ndekha. Sanandiitanepo, koma nambala ya akaunti ndiye anditumizira, ndipo ailemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndisaiphonye.

Ndinene momveka bwino, chifukwa ndikuona ngati ena amva kuti ndikukana kuthandiza sukulu imene inandiumba. Sindikukana. Ndikukana kuyesedwa chitsime chimene munthu amachikumbukira pokhapokha mpopi ukauma. Ndikukana kutchedwa mbale m'kalata yopempha, pamene chaka chonse ndine nambala chabe pa mndandanda wa maimelo. Ngati ndife banja, mutiuze ndi zovuta zomwe, osati zikho zokha. Mutiuze kuti ndi ophunzira angati amene anasiyira panjira, ndi makina ati amene anafa, ndiponso kuti ndalama zimene anzathu ena anapereka m'mbuyomu zinagwira ntchito yanji. Lipoti limene mulibe vuto ngakhale limodzi ndi chikalata chotsatsa malonda, ndipo injiniya aliyense amene anayezapo chitsulo amadziwa kuti zotsatira zikakhala zosalala mopitirira muyeso, ndiye kuti penapake woyezayo wabisa kanthu.

Palinso china chimene chandikwiyitsa. Mwezi watha ophunzira awiri a kusukulu komweko anandilembera paokha, mwaulemu wonse, akupempha malo a atachimenti chifukwa sukulu inangowapatsa kalata n'kuwauza kuti akadzifunire okha. Ku University of Cincinnati ku America, Herman Schneider anayambitsa mu 1906 dongosolo lakuti ophunzira a uinjiniya azisinthanitsa nthawi ya m'kalasi ndi nthawi ya kuntchito, ndipo inali ntchito ya sukulu kugwirizana ndi makampani. Papita zaka zoposa 100, koma ana awa akuyendabe khomo ndi khomo ndi envelopu m'manja, pamene sukulu yawo ili ndi maimelo a mainjiniya mazanamazana amene akanawatsegulira zitseko. Mmodzi ndinamupezera malo, winayo mpaka lero akufunabe, ndipo nkhani yake m'lipoti lija mulibe.