Mpweya unalibe chipani

Dzulo usiku ndatuluka m'gulupu ya WhatsApp ya anzanga akusukulu ndipo sindibwereramonso. Ndinangofunsa kuti kodi nkhani ya K6.2 biliyoni ija, ndalama zimene boma linatulutsa zolimbanira ndi mliri wa corona, ili pati. Mnzanga wina, munthu wophunzira bwinobwino, anandiyankha kuti, "Achimwene, chakutumani ndi chipani chiti? Za corona zinapita, tiyeni tione kutsogolo." Kenaka n'kuikapo tinkhope toseka titatu. Ena n'kumamuchemerera.

Mukuseka chiyani pa nkhani ya maliro?

Malume anga anatisiya mu Januwale 2021. Ine ndinali panja pa tenti pachipatala china, chifukwa mkati sankalola munthu kulowa. Tsiku lonse foni ili kukhutu, kufunafuna silinda ya okosijeni, uku namwino akutuluka thukuta lili kamukamu kudzatiuza kuti odwala achuluka, masilinda ndi ochepa. Madzulo anatipatsa thupi lokulungidwa m'pulasitiki. Sitinawasambitse, sitinaone nkhope, sitinagone pasiwa. Azakhali anaima patali ngati mlendo pamaliro a mwamuna wawo. Pamene malume ankabanika palibe anawafunsa kuti mumavotera ndani. Mpweya umene ankaufunawo unalibe mtundu wa nsalu ya chipani.

Mwezi womwewo, pa 12 Januwale, dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Matendawa sankayang'ana kuti uyu ndi bwana, uyu ndi wogulitsa tomato. Nanga inu mukuyang'aniranji chipani cha munthu amene akufunsa za ndalama?

Ndalamazo zinali za tonsefe. Lipoti la owerengetsera chuma cha boma litatuluka mu Epulo 2021 tinamva tokha kuti zina zinathera m'maalawansi, zina pogula katundu pamitengo yokweza dala. Nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, inachotsedwa paudindo. Zimenezi sindinapeke ine, ndipo sanapeke otsutsa boma. Pamene ena ankasainira maalawansi, anthu wamba ankasonkha timakobiri tawo kudzera pa Facebook, motsogozedwa ndi a Stanley Onjezani Kenani, kugula masilinda ndi zipangizo zam'chipatala. Osauka kusonkhera zomwe msonkho wawo unalipira kale! Ndiye ndikafunsa kuti zabwezedwa zingati, mukuti ndatumidwa?

Ndatumidwa ndi manda a malume anga. Mwamva?

Chimene chimandinyansa n'chakuti ukangotchula K6.2 biliyoni, wa mbali iyi amathamangira kunena kuti nanga a DPP aja anatani. Ukatchula zoti boma la a Mutharika linalengeza lockdown ya masiku 21 mu Epulo 2020 osauza mavenda ndi akabaza kuti adya chiyani, mpaka khoti linachita kuiletsa, wa mbali inayo amati nanga a Tonse bwanji. Onsewo ankadzaza mabwalo pamisonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni, anthu ali phamphampha, masiki ali m'thumba. Mwina ndi umphawi, mwina ndi mmene anatilerera andale, zilibe kanthu. Wakuba ndi wakuba ngakhale avale nsalu imene inu mumaikonda. Kuba ndalama za odwala ndi ufiti, kaya wabayo ndi wa kwanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mliri wina ukadzabwera, mudzapuma dzina la chipani chanucho?

Ndipo anthu omwewa oti iwalani ndi amene ankatitumizira mavoisi usiku ndi usana, ati katemera ndi 666, ati ukabayitsa sudzabereka, ati patha zaka ziwiri tonse obayitsa tidzakhala titafa. Amayi anga anakana kubayitsa miyezi ingapo chifukwa cha voisi ya munthu amene sakumudziwa n'komwe. Mu Meyi 2021 boma linawotcha katemera 19,610 wa AstraZeneca atatha mphamvu asanabayidwe. Ine ndinabayitsa, ndili pano ndikulemba. Mwa onse amene ankafalitsa mabodza aja m'gulupu muja, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzati pepani ndinakunamizani. Lero ali kalikiliki kutumiza zina, bando yawo siitha.