Cowboys & Aliens: filimu yomwe inaopa nkhani yake yomwe

Anthu ambiri akamva dzina loti Cowboys & Aliens amaganiza kuti ndi nthabwala, ndipo ndikukhulupirira kuti dzinali linaipweteka filimuyi pamene inatuluka mu 2011. Jon Favreau, yemwe anaitsogolera, anagwiritsa ntchito ndalama zoposa madola 160 miliyoni, koma zomwe inapeza m'nyumba zoonetsera kanema padziko lonse zinangopitirira pang'ono pamenepo. Amene anapita kukaseka anakapeza akatswiri ochita sewero m'filimuyi, Daniel Craig ndi Harrison Ford, atakwinya nkhope kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Ngakhale zili choncho, ine sindigwirizana ndi amene amati cholakwika chinali kuika anyamata oweta ng'ombe pa akavalo pamodzi ndi zolengedwa zochokera kumlengalenga. Kusakaniza kumeneku n'komwe kunali ndi nzeru, kungoti olemba ake anachita mantha kukulondola mpaka pomwe kunkalowera.

Nkhani yake ikuchitika m'zaka za m'ma 1870, m'chipululu cha kum'mwera chakumadzulo kwa America. Jake Lonergan akudzidzimuka ali pansi, sakukumbukira ngakhale dzina lake, ndipo pamkono pake pali chibangili chachitsulo chomwe sichikuvuka. Akufika m'katauni ka Absolution, komwe aliyense amanjenjemera ndi Woodrow Dolarhyde, mwini ng'ombe zambirimbiri. Usiku womwewo kukubwera zombo zouluka zomwe zikukola anthu ndi zingwe n'kuwakokera m'mwamba, ndendende mmene iwo amakolera ng'ombe zawo. Pamenepa ndinawaombera m'manja olembawo, chifukwa wozolowera kugwira chingwe waona yekha mmene chimawawira chikakhala m'thupi mwake.

Kenako tikumva chomwe alendowa abwerera, ndipo si china koma golide. Amene amadziwa mbiri ya dera limeneli sangalephere kuona kumene nkhaniyi ikuloza. Golide atapezeka ku California mu 1848, anthu miyandamiyanda anakhamukira kumadzulo, ndipo eni nthaka anathamangitsidwa, ena kuphedwa, ndi alendo okhala ndi zida zoposa zawo. Tsono filimuyi ikuwaika atsamundawo pamalo pomwe iwo anaika anzawo: wafika wamphamvu kuposa iwo, sakuwawerengera ngati anthu, akungofuna zomwe zili pansi pa nthaka.

Apa m'pomwe olemba anabwerera m'mbuyo. Anthu a mtundu wa Chiricahua Apache, omwe ndi eni nthaka a deralo, akuoneka ndithu m'filimuyi, koma ntchito yomwe apatsidwa ndi yothandiza Jake kukumbukira zakale kudzera m'mwambo wawo, ndiponso kumenya nawo nkhondo yomaliza. Nat Colorado, Mwapache yemwe anakulira m'manja mwa Dolarhyde, akuyamikiridwa ngati mwana weniweni pokhapokha ali pafupi kutsirizika. Adani atagonja, anthu a ku Absolution akukonzeka kumanganso tauni yawo ndi golide yemwe watsala, ndipo palibe amene akufunsa kuti nthaka yomwe golideyo anachokera ndi ya yani. Kunena zoona, zimenezi zinandikhumudwitsa kuposa maonekedwe a zolengedwazo, omwe nawonso sanali opatsa chidwi kwenikweni.

Sindikukana kuti filimuyi ili ndi zake zokoma. Chipululu anachijambula mwaluso, ndipo Craig amakwanitsa kulankhula zambiri ndi maso okha, monga momwe akatswiri akale a mafilimu otere ankachitira. Koma mgwirizano womwe ikutionetsa pakati pa Aapache ndi atsamunda ndi wongotonthoza mtima wa woonera. M'mbiri yeniyeni, malo omwe boma la America linapatula kuti Achiricahua azikhalamo mu 1872 linawatseka mu 1876 n'kusamutsira anthuwo kumalo ena osungirako Aapache otchedwa San Carlos, ndipo Geronimo, mmodzi mwa atsogoleri awo pankhondo, atagonja mu 1886, iye ndi anthu ake anatumizidwa ku Florida ngati akaidi a nkhondo.