Bayoloji ya pa bolodi yokha ikutipwetekera ana

Mwana wa achemwali anga analemba MSCE chaka chatha pa CDSS ina kumudzi kwathu. Bayoloji anapeza 8. Mtima wake wonse unali pa unamwino, koma kumeneko amafuna credit, ndipo credit imathera pa 6. Achibale anangoti mtsikanayu ndi waulesi. Ine ndikukana.

Ndinatenga makope ake n'kuwatsegula. Manotsi odzaza, olembedwa mwaukhondo, selo yojambulidwa bwinobwino, mivi ikuloza nucleus ndi cell wall. Nditamufunsa ngati selo anaionapo ndi maso ake, anati microscope anaigwira kamodzi kokha, mayeso a practical atatsala pang'ono, nayonso yobwereka kusukulu ina. Zaka 4 zonse! Chonsecho pepala la MANEB ndi limodzi, la mwana wa ku CDSS ndi la mwana wa kusukulu yaboma yogonera komweko, kumene kuli labu ndi laibulale. Nanga tikudabwa chiyani?

Za kusowa kwa malabu, mabuku ndi aphunzitsi a sayansi, boma likudziwa, ndipo tisatope kulikumbutsa. Koma aphunzitsi athu, ndikulankhula mwaulemu, pali zina zosadikira labu. Kabotolo ka iodine kamodzi, mukadonthezera pa chinangwa kapena pa ufa, ana aona okha mtundu ukuda, ndipo za starch sadzaiwalanso. Nyemba zimamera m'chitini. Mtima ndi mapapo a mbuzi zili kwa opha mbuzi pamsika. Likodzo ndi malungo zili m'silabasi, ndipo nkhono ndi udzudzu zofalitsa matendawa zili kudambo kumene anawo amadutsa m'mawa uliwonse. Mwana amene wadwalapo malungo kangapo asamaloweze Plasmodium, kachilombo koyambitsa malungoko, ngati dzina la mlendo wakutali.

Chinanso ndi Chingerezi. Mtsikanayu ndinamufunsa za kugaya chakudya m'Chichewa, anandifotokozera kuyambira m'kamwa mpaka m'matumbo osaphonya. Funso lomwelo litabwera ndi mawu oti "describe", anangoti kakasi. Kufotokoza kaye m'chiyankhulo chathu kenako n'kupereka mawu a pamayeso si kutsitsa maphunziro ayi.

Ifenso makolo tili ndi mbali yathu. Mwana wayenda mtunda wautali, wafika ndi njala, ife tikumutuma kumjigo ndi kunkhuni mpaka mdima. Awerenga nthawi yanji?

Chaka chino akubwereza Fomu 4. Ndamugulira tochi ndi mapepala a mayeso akale, ndipo Loweruka likubwerali tikagula mtima wa mbuzi kuti tiutumbule limodzi.