Siyani kudya nkhono za ku Chivero

Ana anga a ku Mufakose, Kambuzuma ndi Dzivarasekwa muno mu Harare, ku Zimbabwe, tcherani khutu. Loweruka lapitali ndinapeza mdzukulu wanga ndi anzake atatu kuseri kwa nyumba akuwotcha nkhono za zigoba ziwiri pa lata, chidebe chodzaza chili pambali. Akuti anazifukula m'matope m'mphepete mwa nyanja ya Chivero ataona pa foni anthu akudya zoterezi ndi mandimu m'mahotela a ku Cape Town. Ndinakakhuthula chidebe chonse m'dzenje, ndipo sindipepesa.

Kodi mukuchidziwa chimene mukuika m'kamwacho? Nkhono imeneyi si ija yokwawa m'dimba. Iyi ilibe mutu, ilibe mano. Ophunzira amaiika m'gulu la Bivalvia pamodzi ndi oyisitara wa m'nyanja yamchere. Imadzikwirira m'matope, n'kukanula zigoba pang'ono, kenako kumakoka madzi usana ndi usiku, kusefa chakudya ndi ziwalo zake zopumira. Oyisitara mmodzi wamkulu, zinthu zikamuyendera bwino, amatha kusefa malita pafupifupi 190 pa tsiku. Zoipa za m'madzimo zimatsalira m'mnofu womwe inu mukuthira mcherewo.

Ndiye taganizani madzi a Chivero. Damuli linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, mzinda uno ukadali waung'ono. Lero mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatsitsira kumeneko zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale, fungo lake mumalidziwa nonse. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi okhala ndi ndere za poizoni, pamodzi ndi mbidzi ndi nkhwazi. Chipembere, chinyama chonsecho! Nanga iwe mwana wa zaka 15 uli ndi chiwindi chotani?

Mdzukulu wanga anandiyankha kuti, "Agogo, tazipsereza, tizilombo tafa." Moto umapha tizilombo ukafika mkati, koma poizoni wa ndere ndi zitsulo monga mtovu sizipsa ayi. Ndipo zimene ndinaona pa latapo zinali zaziwisi pakati. Ife amene tinaperekeza maliro ku Budiriro, mu Harare momwe muno, pa kolera ya 2008, imene inatenga anthu oposa 4,000 m'dziko muno, sitiseka ndi chakudya chochokera m'madzi a suweji. Kuyenda m'madzi osathamanga opanda nsapato nakonso n'kuputa likodzo, limene limadzera mu nkhono zina zija za chigoba chimodzi.

Inu azibambo ogula zimenezi kwa ana kuti mudyere mowa, manyazi akugwireni. Ana amabwerera kunyanjako chifukwa cha dola yanuyo. Nkhonozi zisiyeni m'matope zizigwira ntchito yake yosefa madzi omwe timamwa ife tomwe. Sizichulukana msanga, popeza tiana take timayamba takakamira pa nsomba tisanagwere pansi.

Ngati mwana wanu wadya kale ndipo akusanza kapena kutsegula m'mimba, mpatseni madzi owiritsa a shuga ndi mchere, muthamange naye kuchipatala lero lomwe, ndipo mukawauze anamwino chimene wadya osabisa.