Franchise si ya munthu wothawa bwana

Pali loto limene lafala pakati pa anthu amene agwira kandalama kooneka, makamaka amene atsala pang'ono kupuma pa ntchito ndi abale athu amene akhalitsa ku Joni ndi ku Mangalande. Munthu akadutsa pa KFC kapena pa Debonairs Pizza kumapeto kwa mwezi n'kuona mzere wa makasitomala, mutu umayamba kuwerengetsa: ndikangopeza dzina ngati ili, basi ndapuma, palibenso wondilamula.

Apa mpamene ine ndimakana. Ngati chimene chikukutulutsani pa ntchito n'chakuti mwatopa ndi kulamulidwa, franchise, bizinesi yoyendetsa pa dzina la kampani ina, ikutopetsani koposa.

Taonani mmene zimayendera. Mumalipira kampani kuti ikuloleni kugwiritsa ntchito dzina lake ndi kachitidwe kake. Ndalama zokonzera malo ndi zanu, lendi ndi yanu, malipiro a antchito ndi anu, ngongole ya ku banki nayo ili pa dzina lanu. Koma mtundu wa penti, yunifolomu, zakudya zoti zigulitsidwe, kukula kwa chidutswa cha nkhuku, ngakhale kokagula zipangizo, zonsezo amanena ndi eni dzina. Amatumizanso anthu odzayendera, ndipo akapeza kuti mukuchita zanuzanu akhoza kukulandani dzinalo. Pamwamba pa izo, mwezi ndi mwezi mumapereka gawo la ndalama zimene mwagulitsa. Mumve bwino pamenepo: za zimene mwagulitsa, osati za phindu. Mwezi umene inu mwaluza, iwo amalandirabe zawo.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amaifunabe? Ambiri ndi mantha, ndipo mantha amenewa sindiwanyoza. Ndalama za penshoni zimabwera kamodzi. Bambo wa zaka 60 amene waona anzake akugula minibasi n'kutsala ndi matayala okha ali ndi chifukwa chomveka chofunira bizinesi imene ena adaiyesa kale n'kuona kuti imayenda. Akugula dzina limene anthu akulidziwa, maphunziro, ndi buku la malamulo lomuuza chochita kuyambira potsegula chitseko mpaka potseka. McDonald's, kampani ya malesitilanti ya ku America, idafika pokhazikitsa sukulu yake, Hamburger University, mu 1961, kuti aliyense aziphika mofanana. Kwa munthu amene wakhala zaka zambiri akutsata ndondomeko, kaya m'banki, m'boma kapena ku usilikali, moyo wotere suvuta.

Amene amandidetsa nkhawa ndi ena awa: ofuna ulemu ndi ofuna bizinesi ya pafoni. Woyambayo akufuna kuti pa ukwati kapena pa maliro anthu azinong'onezana kuti malo aja ndi a akuluwa. Winayo akufuna kusiya mlamu pa kauntala, iye ali ku Leeds, madzulo azingofunsa pa WhatsApp kuti lero zalowa zingati. Makampani ena sawafuna n'komwe anthu otere. Chick-fil-A ya ku America imalandira madola 10,000 okha kwa munthu woti ayendetse lesitilanti yake, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi madola 45,000 amene McDonald's imalipiritsa pongolowera, musanagule ngakhale poto. Koma imafuna kuti munthuyo azipezeka pamalopo yekha, ndipo lesitilantiyo imakhalabe ya kampani. Lamlungu satsegula, kaya inu mukuona kuti tsiku limenelo ndiye la ndalama.

Tikayang'ana anthu amene zidawayendera, ambiri sadali ongobwera ndi chikwama cha ndalama. Pete Harman, amene adatsegula malo oyamba a Kentucky Fried Chicken (KFC) ku Salt Lake City, ku America, mu 1952 pogwirizana ndi Harland Sanders amene adayambitsa KFC, adali kale ndi lesitilanti yake. Ankadziwa fungo la mafuta opserera, ankadziwanso zochita wophika akajomba. Chimene ankasowa chidali chakudya chomusiyanitsa ndi anzake, ndipo adachipeza kwa Sanders.

Wina anena kuti: koma Big Mac, chakudya chotchuka cha McDonald's, idayambitsidwa ndi munthu wogula franchise. N'zoona, adali Jim Delligatti wa ku Pennsylvania, mu 1967. Koma adachita kupempha chilolezo kwa akuluakulu a kampani, ndipo dzinalo lero ndi la McDonald's, si la banja lake. Nkhani ya Lou Groen wa ku Cincinnati, amenenso ankayendetsa lesitilanti ya McDonald's, ndiye imandisangalatsa. Dera lake lidali la Akatolika ambiri, ndipo Lachisanu malonda ankagwa chifukwa anthu sankadya nyama. Iye adaganiza zogulitsa buledi woika nsomba pakati. Ray Kroc, mkulu wa kampani, adali ndi maganizo ake a buledi woika nanazi wootcha, choncho mu 1962 zakudya ziwirizo adazipikisanitsa kuti aone chimene chigulidwe kwambiri. Nsomba idapambana, n'kukhala Filet-O-Fish. Munthu adali ndi nzeru, ankawadziwa makasitomala ake kuposa aliyense, komabe adadikira kuti bwana avomere. Mtima wotha kudikira choncho si aliyense ali nawo. Ineyo ndilibe.

Kuno kwathu palinso nkhani ya forex imene mabuku a ku America sangakuuzeni. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mnyamata wa chiwaya pamsika zikamuvuta amasintha kogula mbatatesi, amachepetsa mulu, mawa amayamba kukazinga mbatata kapena chinangwa. Inu ngati mgwirizano ukunena kuti zokometsera, mapaketi ndi zitsulo za makina zichokere kunja, mukaima pa mzere wa madola ku banki, ndipo chidutswa cha nkhuku simungachichepetse. Choncho ndalama zotsegulira zokha sizikwanira. Pamafunika zina zapadera zoti zikusungeni miyezi imene malonda sakubweza, ndipo zisakhale za katapila kapena za fizi ya ana.

Amene muli ku South Africa lamulo limakutetezaniko. Consumer Protection Act ya 2008 ndi malamulo ake amati kampani ikupatseni chikalata chofotokoza za bizinesiyo masiku 14 musanasaine, ndipo mukasaina muli ndi masiku 10 ogwira ntchito oti mukhoza kusintha maganizo popanda chilango. Masiku amenewo si oyendera masitolo kusankha mipando. Pitani ndi chikalatacho kwa loya ndi kwa wowerengera ndalama amene sakudya nawo za kampaniyo.

Ku America chikalata chotere chimakhala ndi mayina a anthu ogula franchise amene alipo, komanso a amene adatuluka chaka chapitacho. Wotsatsa malonda adzakutengerani kwa amene zikumuyendera. Ine ndingayambe kuimbira foni otulukawo, ndiwafunse kuti pa mwezi ankatsala ndi zingati akalipira zonse, ndiponso kuti pochoka adagulitsa kwa yani, pa mtengo wonena ndani.